Funsani Azakhali: Anandiveka mphete ku Senga Bay, amalume anaonera pa foni

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, kwathu ndi ku Nkhotakota kwa a Malengachanzi, ndili chaka chomaliza ku Bunda komwe ndikupanga digiri ya za nsomba. Dzina langa musalembe chonde, nkhaniyi yafala kale mokwanira.

Holide yaitali yapitayi sindinapite kunyumba, ndinapeza malo a atachimenti ku Monkey Bay ndi gulu lina lofufuza za nsomba, kuyambira Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Ntchito yake inali kulawirira kudoko kusanache kukadikira asodzi, akangokocheza timatapa nsomba pang'ono mu beseni, kuyeza utali wake pa kabolodi, kuika pa sikelo, kulemba kuti agwira ndi chilimira kapena matchera, masana nde kukhala pa laputopu kulowetsa manambala mpaka maso kuwawa. Inali nthawi ya mwera, m'mawa zala zimachita kuuma ndi kuzizira, masiku ena nyanja ikakalipa asodzi osalowa olo mmodzi ife kungobwerera ndi mafomu opanda kanthu. Koma Azakhali ndisaname, ntchito imeneyi ndinaikonda koopsa, aka kanali koyamba kumva kuti zomwe timaloweza m'kalasi zija zili ndi mutu.

Ndili ndi chibwenzi, ndi mphunzitsi pa sekondale ina ku Salima, tatha zaka ziwiri ndi kanthu. Ndi munthu wabwino, nthawi yonse yomwe ndinali kutali ankaimba usiku uliwonse olo netiweki ivute bwanji, ndalama ikandithera ankandiponyera kangachepe pa Mpamba osandiwerengera. Pobwerera ndinadzera ku Golomoti nkutsikira pa Kamuzu Road kuti ndimuone kaye ndisanapitirire kwathu. Nde iye akuti tiye ku Senga Bay ukapitidwe mphepo, ine osadziwa kanthu, tili pamchenga paja ndinangoona munthu wagwada kabokosi kali m'manja, anzake awiri atulukira uko ndi mafoni akujambula. Ndinalola, ndinalira, ndinasangalala zenizeni.

Vuto nde ili. Pofika madzulo zithunzi zinali kale pa sitetasi ndi pa Facebook, msuweni wanga anaziona nkukaonetsa amalume ine ndisanakwere n'komwe minibasi ya ku Nkhotakota. Nditafika mawa lake amalume sanandiyankhe moni, anangouza amayi kuti "ndiye kuti ife tinafa eti, mwana mpaka kutomeredwa pa foni?" Mpaka pano akuti nkhaniyi sakuidziwa ndipo asaimve. Amayi sakuyankhula zambiri, anangondifunsa kuti mnyamatayo kwawo ndi kuti nanga akwawo akudziwa, ine yankho lenileni ndinalibe.

Pali chinanso chomwe sindinauze munthu. A supavaiza anga, mayi ena ake adokotala a za nsomba, anandiuza kuti ntchito yanga inali yolongosoka, ndikamaliza digiri akufuna ndibwerere ku Mangochi chaka chathunthu pa pulojekiti ina, kenako adzandithandiza kufunsira masitazi mwina kunja. Mnzangayu sindinamuuze. Iye pano akungokamba za chinkhoswe mu Disembala, ukwati chaka chamawa anthu akakolola, wayamba kale kufunsa nyumba ya zipinda ziwiri ku Salima. Ndikuopa kuti ndikamuuza aona ngati ndinalola mwachinyengo. Kodi ndinalakwa kulola? Mpheteyi ndivule? Amalume ndiwatani? Nanga za sukuluzi ndidikire kaye chinkhoswe chidutse?

Wosokonezeka, Nkhotakota

Mwana wanga,

Kulola sunalakwe. Munthu mwakhala naye zaka ziwiri, wakudikira uli kutali, wakufunsa ndi mtima umodzi iwenso ukumufuna, ukanati chiyani? Ndakondwa nawe, ndipo ndakondwanso ndi momwe walembera za ntchito yako, munthu wongokakamizika sukulu sakumbukira kuti zala zinkauma pa kabolodi.

Koma amalume akowo usawaone ngati ovuta kapena achikale. Kwathu kuno malume ndi mwini mbumba, ndipo umenewu si udindo wongokhala pampando wakutsogolo pa tsiku la phwando ayi. Banja lako likadzagwedezeka, mwamuna akadzakubweza usiku ndi chikwama, mwana akadzadwala kapena maliro akadzagwa, amene adzadzutsidwe pakati pa usiku ndi iwowo. Ndiye taganiza, munthu ameneyu akumva kuchokera pa foni ya mwana wamng'ono, mawa lake akupita kumsika anzawo akuwafunsa kuti "tamva mwana wa mlongo wanu akukwatiwa, mkamwiniyo ndi wa kwa yani?" iwo olo dzina osalidziwa. Chawapweteka ndi manyazi amenewo, osati mpheteyo. Makolo athu analinso ndi chikole, mnyamata ankapatsa mtsikana kansalu kaya kandalama kusonyeza kuti watsimikiza, nde zoti awiri agwirizane kaye paokha sizachilendo. Kusiyana kwake nkwakuti chikole chinkapita kwa agogo kapena azakhali mwakachetechete, iwo nkukatula kwa malume, mudzi unkamva pomaliza. Inu mwayambira ku mudzi.

Nde panga izi. Zithunzi zija zichoke kaye pa Facebook, umuuze mnzakoyo ndi anzake aja achotsenso. Mphete usabweze, ndi yako, koma popita kwa amalume ivule uisunge m'chikwama, sungapite kukapepesa chinthu chili ngwee pachala. Usawaimbire foni, usalembe meseji, ndipo usapite wekha. Tenga amayi kapena agogo ngati alipo, iwo ayambe kuyankhula, iwe ugwade unene mawu ochepa basi, kuti amalume ndinalakwitsa ndondomeko, zinandidzidzimutsa koma ndimayenera kukudziwitsani anthu asanaone, munthu alipo ndipo akwawo abwera. Usayambe kufotokoza kuti masiku ano anthu amatero, zimenezo akuzidziwa kale. Akakalipa, asiye akalipe amalize.

Ntchito yaikulu pa nkhaniyi si yako, ndi ya mnyamatayo. Funso lija anakufunsa amayi lakuti akwawo akudziwa ndi limene lili ndi nkhani yonse. Iyeyo apite kwa amalume ake akawauze kuti ndapeza mbeta ku Nkhotakota, amalume akewo anyamuke ndi munthu mmodzi kapena awiri akagogode kwa amalume ako. Kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota pa M5 ndi ulendo wopita nkubwerako tsiku lomwelo, palibe chozembera. Asayerekeze kuwatumizira amalume ndalama pa foni kuti aziziritse mtima, kumeneko nde kuwatukwana kawiri. Asapitenso yekha kukadziyankhulira, mnyamata sadzifunsira yekha mbeta kwa eni mbumba. Ndipo akakafika akuluakuluwo usadabwe amalume akakayankha kuti "tamva, pitani kaye tifunse mwana", olo akudziwa bwinobwino kuti unalola kale. Ndi momwe zimayendera, amafuna akufunse pamaso pawo umve ndi iwe mwini ukunena kuti inde ndikumudziwa, komanso afufuze mbiri ya banja lakwawoko. Ulendo wachiwiri ndi umene amapereka yankho.

Uyang'anitsitse momwe mnzakoyo alandirire zimenezi. Kugwada pamchenga anzako akujambula nkosavuta. Akayamba kunena kuti amalume anga ali kutali, tidikire kaye, bola ife tikukondana, pamenepo uchenjere. Akangoti chabwino Loweruka ndikupita kumudzi, dziwa kuti uli ndi munthu.

Tsopano tibwere pa chomwe chandidetsa nkhawa kuposa amalume. Mkwiyo wa malume umatha, ndaona ambiri atakwiya chonchi pa tsiku la chinkhoswe nkukhala iwowo oyamba kuvina. Koma zoti ubise nkhani ya ku Mangochi mpaka chinkhoswe chidutse, ayi mwana wanga, zimenezo ndakana. Umuuze sabata ino, amalume ake asananyamuke.

Chifukwa chake ndi ichi. Ana a m'tauni mumatenga chinkhoswe ngati phwando lolengeza kuti tidzakwatirana, koma pa mwambo wathu ankhoswe a mbali ziwiri akakumana, nkupatsana tambala ndi msoti, nkudyera limodzi, kumudzi amati banja lamangidwa. Ambiri mwa makolo athu ukwati wawo unali womwewo basi, opanda tchalitchi opanda kwa DC. Ndipo lamulo la maukwati la 2015, lija la Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati wa pachikhalidwe mofanana ndi wa kutchalitchi, wa kumzikiti kapena wa kuboma. Nde chikadutsa chinkhoswe, akwawo kwa mwamuna azidzakuona ngati mkazi wa mwana wawo, ukadzati ndikupita ku Mangochi chaka chathunthu sidzakhalanso nkhani ya anthu awiri, adzalowererapo apongozi, alamu, ankhoswe, ndipo funso loyamba lidzakhala lakuti bwanji sunanene. Pamenepo nde adzati unachita chinyengo. Panopa palibe chinyengo chilichonse, wangomva kumene nkhaniyi ndipo ukumuuza munthu wako. Pa chifukwa chomwechi, ankhoswe akamakambirana anene momveka kuti chinkhoswe chimenechi ndi choti mulowane kapena mudikira ukwati wa kutchalitchi, mabanja ambiri amasemphana pamenepa aliyense akuganiza zake.

Komanso ndikuona ngati mantha ako akulitsa chinthu. Tiye tichione momwe chilili. Chaka cha ku Mangochi ndi chaka chimodzi, msewu wake ndi womwe unadzera uja wa ku Golomoti, munthu atha kunyamuka Lachisanu akaweruka nkukagona konko. Masitazi si ya mawa. Sikolashipu ngati ya Chevening ya ku UK imafuna munthu woti wagwirapo ntchito zaka ziwiri, maphunziro ake ndi a chaka chimodzi ndipo amafuna ubwerere kwanu ukamaliza. Ndipo sikuti masitazi ya nsomba ili kunja kokha, ku Bunda komweko kuli AquaFish, likulu lija linakhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank, komwe ophunzira ochokera maiko ena a mu Africa amabwera kudzapanga masitazi ndi PhD. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100. Sindikuti usapite kunja mwayi ukapezeka, pita ndithu, ndikungoti usamuuze mnzakoyo ngati ukumuuza za maliro.

Chomwe mukuyenera kukambirana mozama ndi chakuti ntchito yako ili kuti. Iye wayamba kufunsa nyumba ku Salima chifukwa m'mutu mwake mkazi abwera pomwe pali iye, sindikumuda, anyamata ambiri amaganiza choncho osafunsa. Zoona ku Senga Bay kuli ofesi ya kafukufuku wa nsomba, mwina tsiku lina udzagwirako nkumagona kwanu. Koma ntchito za nsomba zambiri zili ku Monkey Bay, ku koleji ya Mpwepwe ku Mangochi, ku Domasi komwe kuli likulu la ulimi wa nsomba za m'madamu, kapena ku Nkhata Bay, ndipo boma kaya bungwe likakulemba silifunsa kuti amuna anu ali kuti. Nayenso ndi mphunzitsi, amatumizidwa kulikonse. Kodi iye angapemphe transifa kukutsatira? Mungakhale motalikirana zaka zingati osatopa? Mwana woyamba mukumufuna liti? Limeneli usachite nalo manyazi, atsikana ambiri anzeru sukulu yawo inathera pa mimba yobwera miyezi itatu chichitikireni ukwati aliyense akuti udzapitiriza, kenako wachiwiri. Njira zolera zilipo m'zipatala zambiri, mupite limodzi mukamve.

Pomuuza usayambe ndi kupepesa. Muuze ngati nkhani yabwino, pakuti ndi yabwinodi, kuti a supavaiza akundifunanso ndipo ine ndikufuna kupita, tipange bwanji. Kenako khala chete umvere. Akakhumudwa tsiku loyamba usadandaule, munthu anali atawerengera kale zipinda. Ine amene ndimamuopa ndi uja amangoti "palibe vuto bebi" mwachangu osafunsa olo funso limodzi, ameneyo nthawi zambiri amakhala akuti zidzaoneka tikakwatirana. Wofunsa kuti udzakhala kuti, malipiro alipo, tidzaonana kangati pamwezi, ameneyo akuganiza nawe limodzi. Mukagwirizana, zomwe mwagwirizanazo zikanenedwe pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, kuti mwana wathuyu sukulu sanamalize ndipo adzapitiriza ali pabanja. Amalume ako omwe akwiyawa ndi amene adzakuimirire tsiku lomwe wina adzaiwale lonjezo limeneli, nchifukwa chake ndikuti uwakonze mtima bwinobwino.

Za Disembala ine sindikugwirizana nazo. Uli chaka chomaliza, uli ndi pulojekiti yoti ulembe ndi manambala onse unatolera aja, sungamathamange ndi za nsalu ya chinkhoswe ndi makadi nthawi yomweyo. Ndiponso iwe wa za nsomba ukudziwa kuti pa 1 Novembala nyanja amatseka ku makoka, mabanja ambiri a ku Nkhotakota nthawi imeneyo m'thumba mumakhala mopepuka, kwinaku feteleza, kwinaku fizi ya Januwale, misewu ya kumidzi matope okhaokha. Akuluakulu adziwane chaka chino, zimenezo zisachedwe. Chinkhoswe chenicheni chidikire umalize mayeso, anthu atakolola mpunga.

Musanafike konseko mupite limodzi mukayezetse magazi, aliyense aone zotsatira za mnzake ndi maso ake. Ndipo poti wakhala ukuponda m'madzi a kumwera kwa nyanja miyezi yonseyi, ukafika kuchipatalako uwauzenso akuyeze likodzo, limatha kukhala m'thupi osaonetsa zizindikiro ndipo kwa amayi limavutitsa ziwalo zoberekera likakhalitsa. Mankhwala ake alipo, praziquantel, umamwa nkuthana nazo.

Azakhali

Azakhali,

Ine ndi mnyamata wa zaka 26 wa kwa Khombedza ku Salima, ndinapanga za ulimi. Ndangobwera kumene ku Mzuzu komwe ndinali pa atachimenti ya kafukufuku wa mbewu ku Lunyangwa miyezi itatu. Kumeneko ndinakumana ndi mtsikana wina wa ku Rumphi amaphunzira pa Mzuni nayenso anabwera kudzapanga zake, tinkayeza mapuloti limodzi, kudya limodzi, mvula ya ku Mzuzu ija kutinyowetsa limodzi, mpaka tinagwa m'chikondi. Azakhali mtsikana ameneyu ndi wosiyana ndi onse omwe ndinawadziwapo, wanzeru, waulemu, wopemphera. Chibwerereni sindikugona, ndikufuna ndimutomere mwezi wamawa anthu ena asananditengere pakuti ku koleji anyamata ndi ambiri ndipo ena ali ndi magalimoto. Ntchito sindinapeze, pano ndikupanga kageni kogula mpunga ku Lifuwu nkukagulitsa ku Lilongwe. Anzanga akundiopseza kuti kumpoto amatchaja ng'ombe sungakwanitse. Ndalama ya mphete ndasunga kale. Ndipite?

Mnyamata wa kwa Khombedza

Mwanawe,

Usapite mwezi wamawa. Sindikukayika kuti ukumukonda, ndipo mwina ndi yemweyo amene udzakalambe naye, koma tamvera chifukwa chomwe wapereka wekha, wati anthu ena asanakutengere. Amenewo ndi mantha, ndipo mphete simanga munthu. Mtsikana woti angakusiye chifukwa cha galimoto adzakusiya mphete ili pachala, woti sangakusiye akudikira olo opanda kanthu.

Moyo wa pa atachimenti ndi wokoma mwapadera, uyenera kuudziwa. Nonse muli kutali ndi kwanu, palibe mayi wokutuma, palibe m'bale wopempha fizi, ntchito ndi imodzi nkhani ndi zimodzi, madzulo mulibe kwina kopita koma kwa wina ndi mnzake. Aliyense amaoneka bwino pamenepo. Iyeyo sanakuone uli kwa Khombedza mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mpunga wakugwa mtengo ku Lilongwe wabwerako ndi ngongole, nawenso sunamuone atakwiya kapena ali pakati pa abale ake. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Dikira mvula imodzi idutse muli motalikirana chonchi, uone ngati mafoni akhalebe okoma mu Febuluwale. Msewu wa M5 wodzera ku Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay ukukafika ku Mzuzu, ukapeza phindu kamuone, nayenso adzabwere adzaone kwanu, adzafikire kwa achemwali ako osati kwa iwe.

Za ng'ombe anzakowo sakunama koma akukuza. Kwa Atumbuka kuli malowolo, ndipo nkhani imayenda kudzera mwa thenga, munthu wotumidwa pakati pa mabanja awiri. Amatchula ng'ombe, koma mabanja ambiri masiku ano amaziwerengera mu ndalama, zimakambidwa, ndipo kawirikawiri salipira zonse tsiku limodzi. Chachikulu choti umvetse si mtengo wake koma tanthauzo lake. Kumeneko mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana amawerengedwa a kwa bambo, pomwe kwanu kwa Khombedza ana ndi a kwa mayi ndipo amalume ako mwina chibadwire sanalowolepo munthu. Ukangowadzidzimutsa ndi nkhani ya ng'ombe adzakuuza kuti ife sitigula mkazi, akwawo kwa mtsikana akamva mawu amenewo nkhani yathera pomwepo, pakuti kwa iwo malowolo si kugula, ndi ulemu komanso chomangira mabanja. Nde uyambe pano kuwakonzekeretsa amalume pang'onopang'ono, ndipo umufunse mtsikanayo kuti kwawo zimayenda bwanji, wamkulu woyamba kudziwa ndi ndani. Ndipo kumpoto nde usayerekeze n'komwe zoveka mphete nkuponya pa Facebook akwawo asanamve, werenga kalata ili pamwambayi.

Geni ya mpunga usaipeputse nkumati ntchito sindinapeze. Imeneyo ndi ntchito, bola uzilemba zolowa ndi zotuluka mu kope. Ndalama ya mphete ija ilowetse mu mpunga nyengo ino, pofika chaka chamawa udzakhala ndi chowauza akuluakulu a ku Rumphi akadzafunsa kuti mwana wathu azikadya chiyani. Mtsikanayo umuuze zoona zake, kuti cholinga changa ndi banja, ndikufuna umalize sukulu ine ndikhazikike, chaka chamawa nditumiza akwathu. Mawu amenewo anene ndi pakamwa muli awiri, ndipo umvere bwino chomwe ayankhe.

Azakhali

Azakhali,

Ndine mayi wa ku Dwangwa. Mwana wanga wamkazi anapita ku Zomba kukachita kafukufuku wa kusukulu kwawo, pobwera anatiuza kuti mnzake amene akhala naye pachibwenzi kuyambira chaka choyamba wamufunsira. Mnyamatayo anachita bwino, anatumiza amalume ake, achimwene anga anawalandira, zonse zili m'malo. Koma anawa akufuna chinkhoswe cha mu holo, madekoleshoni, DJ, MC, keke, nsalu ya yunifomu mbali zonse, bajeti yake nditaiona mutu unandiwawa. Bambo awo anapuma ntchito ku mizimbe, ndipo onse awiri anawa sanayambe ntchito. Akuti ndalama idzabwerera pa perekaniperekani. Ndikawakaniza ndikhala ngati ndikuwachitira nsanje?

Mayi wodandaula, Dwangwa

Mayi,

Nsanje palibe apa, inu ndi amene mukudziwa zomwe zili m'nyumba. Ndipo muyamike Mulungu pa mkamwini wodzera pakhomo.

Inu mukudziwa kuposa ine zomwe zimapanga chinkhoswe. Ankhoswe a mbali ziwiri adziwane pamaso pa anthu, apatsane tambala ndi msoti, mnyamata alandire khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mtsikana alandire lichero, mthiko, chipande ndi tsache, alangizidwe, anthu adye. Zonsezi zimatheka pabwalo panu pansi pa mtengo wa mango, mipando yobwereka kutchalitchi, sipika imodzi, amayi a m'mudzi ataphika mpunga ndi nkhuku. Masewera aja ophimba atsikana ndi zitenje kuti akuchimuna avundukule apeze wawo amakomanso kwambiri pabwalo kusiyana ndi mu holo momwe MC akuthamangitsa nthawi.

Zowerengera perekaniperekani nde muwakanize ndithu. Ndalama imeneyo palibe amene amaidziwa tsiku lisanafike, ndipo anthu omwe mudzawaitane pa chinkhoswe ndi omwewonso mudzawaitane pa bridal shower ndi pa ukwati, matumba ake ndi omwewo. Mabanja ambiri ayamba ndi katapila chifukwa cha mawu amenewa akuti idzabwerera.

Musakane nokha, mungadane ndi mwana. Itanani achimwene anuwo ndi ankhoswe akuchimuna, mukhale pansi ndi anawo, mbali iliyonse inene ndalama yomwe ili nayo m'manja lero osati yolonjezedwa, bajeti ichokere pamenepo. Anawo muwasiyire chinthu chimodzi chomwe akuchifunitsitsa, kaya ndi nsalu ya yunifomu kaya wojambula zithunzi, nsaluyo aliyense agule yake. Ngati akuumirirabe holo, auzeni aisungire tsiku la ukwati akadzayamba ntchito adzalipire okha.

Azakhali